Transceiver, ndodo ndi fosholo: mmene zandithandizira dzinja lonse la ku Cairngorms

Zida zitatuzi, zosakira ndi kufukulira munthu wokwiririka ndi chipale chofewa, ndinagula mu Novembala, anzanga okwera nawo mapiri atandiuza mosapita m'mbali kuti popanda izo ndizitsala ku Aviemore, tauni ya m'munsi mwa mapiri a Cairngorms, n'kumamwa tiyi. Pano ndi Epulo, ndipo ndayenda nazo maulendo 14.

Kwathu phiri likagumuka timati wadutsa Napolo. Kuno ku Scotland chomwe chimagumuka ndi chipale chofewa. Mphepo imachikokolola pamwamba pa phiri n'kukachiunjika mbali yobisika, kumene chimagwirana n'kulimba pamwamba pokha, pansi pake pali posagwirana ngati shuga. Ukaponda pamenepo, makamaka potsetsereka madigiri 30 mpaka 45, chigamba chonse chimatha kunyamuka nawe. Ndi zomwe zinapha anthu atatu ku Chalamain Gap, mpata wina wa m'mapiri omwewa, mu Febuluwale 2013, malo amene ambiri amangodutsa osawakayikira.

Transceiver ndi kachipangizo kovala pachifuwa, mkati mwa jekete. Kamatumiza chizindikiro cha wailesi pa 457 kHz ngati tinzake tonse, choncho mitundu yonse imamvana. Wina akakwiririka, otsala amatembenuza zawo kuti ziyambe kusaka. Kanga sikanandikhumudwitsepo. Mabatire ndasintha kamodzi basi, ngakhale masiku ena kumazizira mpaka madzi a m'botolo kuuma. Chondinyansa ndi kabatani kosinthirako: ukavala magolovesi okhuthala sikagwirika, ndipo kuvula golovesi pamphepo ya pamwamba paja ndi chilango. Foni nayo imakasokoneza. Tsiku lina tikuyeserera ku Glenmore Lodge, malo ophunzitsira kukwera mapiri, muvi wa pagalasi unkangoloza uku ndi uku ngati waledzera, osadziwa kuti ndi foni yanga yomwe inali m'thumba lapachifuwa. Kuchokera apo imakhala m'chikwama chakumbuyo.

Chimene sindinkayembekezera ndi fosholo. Poyeserera, kupeza chikwama chomwe anzanga akwirira kumanditengera mphindi zitatu kapena zinayi, koma kuchifukula ndiye nkhani. Chipale chogumuka chikaima chimauma gwa, umachita kuchidula zibuma ngati dothi la pachulu m'chilimwe. Wokwiririka amakhala ndi mwayi waukulu akafukulidwa mphindi 15 zisanathe, ndipo zambiri mwa mphindizo zimathera pokumba. Fosholo yapulasitiki yomwe ndinabwereka poyamba inkapindika. Yanga ya aluminiyamu yangokandika m'mphepete. Ndodo yofufuzira, yomwe umabaya nayo m'chipale kuti umve pomwe pali wokwiririka, ndi ya masentimita 240, ndipo chingwe chake chokokera chayamba kulobodoka.

Komabe ntchito yeniyeni zidazi sizinagwirepo, ndipo chifukwa chake ndi lipoti la tsiku ndi tsiku la Scottish Avalanche Information Service, lomwe limayika ngozi pa mlingo wa 1 mpaka 5 n'kusonyeza mbali za phiri zoti uzipewe. M'mawa wina wa mu Febuluwale mlingo unali pa 3. Tinapitabe ku Coire an t-Sneachda, chigwa chozunguliridwa ndi maphompho, poganiza kuti tikaona komweko. Tikuyandikira potsetsereka, pansi panamveka kuti dii, mng'alu n'kuthamanga kuchokera pansapato ya mnzanga mamita angapo. Palibe anayankhula. Tinangotembenuka, transceiver ili phethiphethi pachifuwa, ndipo pofika 11 koloko tinali m'galimoto kudya masangweji athu.

Mabatire ndachotsamo kale kuti asavundire mkati m'chilimwe muno. Ndodoyo ndiye ndigula ina Disembala asanafike, yotalikirapo.