Ndemanga pa ALDEFLUOR, chida chofufuzira maselo oyambitsa khansa

Mlimi amadziwa kuti ukadula mtengo n'kusiya chitsa, mvula ikangogwa chimaphukanso. Ofufuza khansa ali ndi nkhawa yotereyi, chifukwa m'zotupa zina muli kagulu ka maselo opirira mankhwala amene amatha kumeretsanso chotupa chonse. John Dick ndi anzake ku Toronto anaonetsa zimenezi pa khansa ya m'magazi mu 1994 ndi 1997, ndipo mu 2003 ofufuza a ku University of Michigan anapeza zofanana pa khansa ya m'mawere. Chovuta n'chakuti pa maikulosikopu maselowa sasiyana ndi anzawo, ndipo apa m'pamene ALDEFLUOR, yogulitsidwa ndi kampani ya STEMCELL Technologies ya ku Vancouver, imathandiza.

Mankhwala ake, omwe ndi utoto wowala wotchedwa BAAA, amalowa m'selo mosavuta. Selo limene enzaimu ya ALDH (puloteni yofulumizitsa ntchito zina za m'selo) ikugwira ntchito mwamphamvu, monga zimakhalira kawirikawiri m'maselo oyambitsa khansa, limawasandutsa chinthu chosatuluka msanga, choncho limawala mobiriwira likamadutsa pa leza ya makina a flow cytometry, amene amayeza maselo limodzilimodzi. Maselo amasungidwa pa madigiri 37 kwa mphindi 30 mpaka 60, ndipo m'chubu chachiwiri mumathiridwa mankhwala ena otchedwa DEAB, amene amatsekereza enzaimuyo kuti wofufuza adziwe pamene kuwala kwenikweni kukuyambira. Chubu chachiwirichi sichoyenera kusiyidwa, pakuti popanda icho malire a pakati pa maselo owala ndi osawala amangoikidwa mongoganizira.

Chimene ndimachiyamikira koposa n'chakuti maselo amatsala amoyo. Mukawapatula, mungathe kuwakulitsa m'mbale momwe samatirira pansi kuti muone ngati apanga timibulu toyandama, kapena kuwabaya m'mbewa zopanda chitetezo cham'thupi. Umu ndi mmene Christophe Ginestier ndi anzake anachitira mu 2007, pamene maselo owala 500 okha a khansa ya m'mawere anameretsa chotupa, koma osawala, ngakhale anali ochuluka kwambiri, sanachite chimodzimodzi. Malangizo a m'bokosi ndi omveka, ndipo wophunzira amene amadziwa kale makinawo amazolowera msanga.

Komabe njirayi ili ndi malire ake. Maselo ayenera kukhala pa ayezi mpaka atayezedwa, apo ayi amalavula utotowo ndipo kuwala kumazilala. Mtundu wobiriwira umasokonezananso ndi GFP, puloteni yowala mobiriwira imene ofufuza amaika m'maselo ngati chizindikiro, kotero amene maselo awo ali kale ndi chizindikiro chimenechi ayenera kuganiza kawiri asanagule. Chachikulu n'chakuti munthu ali ndi majini 19 a ALDH, ndipo kuwalako sikutchula kuti ndi iti imene ikugwira ntchito. Maselo ena abwinobwino, monga opanga magazi m'mafuta a m'mafupa, nawonso amawala.

Ndimadandaula ndikaona wofufuza akulengeza kuti wapeza muzu wa khansa chifukwa cha kuwala kokha, popeza odwala ndi abale awo amaika chiyembekezo pa mawu otere. Ngakhale umboni wa mbewa umafuna kusamala: mu 2008 gulu la Sean Morrison linaonetsa kuti pa khansa ya pakhungu ya melanoma, pafupifupi selo limodzi mwa anayi alionse linameretsa chotupa atangogwiritsa ntchito mbewa za chitetezo chofooka kwambiri. Labotale yokhala ndi makina opatulira maselo komanso mwayi woyesa m'mbewa idzapindula ndi ALDEFLUOR, koma yopanda zimenezi iyambe yapeza labotale ina yogwirizana nayo isanawononge ndalama za kafukufuku.