16S, shotgun kapena Nanopore: zimene matumbo a mbuzi anandiphunzitsa

Anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi miyezi yapitayi. Atolera masampulo, wina a nyama, wina a madzi, wina a dothi, ndipo akufuna kudziwa mabakiteriya amene alimo. Ndiye awerengetse DNA yake m'njira iti? Ndiyankhe onse kamodzi, ndipo ndineneretu kuti ndili ndi mbali imene ndimakondera, chifukwa njira imodzi mwa zitatuzi inandidyera ndalama ndili maso.

Njira yakale ndi ya jini ya 16S rRNA. Bakiteriya aliyense ali nayo, ndi yotalika zilembo za DNA pafupifupi 1,500, ndipo ili ndi zigawo zisanu ndi zinayi zosinthasintha, V1 mpaka V9, zimene zimasiyanitsa mtundu wina ndi unzake. RNA yomweyi ndi imene Carl Woese ndi George Fox anagwiritsa ntchito mu 1977 posonyeza kuti Archaea, tizamoyo tooneka ngati mabakiteriya, ndi gulu lapalokha. Pa makina owerenga DNA a kampani ya Illumina monga MiSeq timachulukitsa kachigawo kokha ndi PCR (njira yopanga makope ambiri a kachigawo ka DNA), kaya V4 ya zilembo pafupifupi 250 kapena V3 ndi V4 pamodzi, pafupifupi 460. Njira yachiwiri ndi shotgun: palibe kusankha jini, DNA yonse ya mu sampulo imaduladulidwa n'kuwerengedwa. Yachitatu ndi kuwerenga 16S yonse yathunthu pa makina owerenga tizidutswa titalitali, monga MinION ya Oxford Nanopore kapena a PacBio.

Ine ndinali ndi masampulo a mbuzi amitundu iwiri: ndowe, komanso zopala kukhoma la matumbo. Ndinkafuna kudziwa ngati mabakiteriya omatirira pakhoma ndi ofanana ndi amene amatuluka mu ndowe. Aliyense amene ndinamufunsa ankatamanda shotgun, ndipo sankanama. Imakufikitsa pa dzina lenileni la bakiteriya, imakuonetsa majini olimbana ndi mankhwala, imagwiranso mafangasi ndi mavairasi ena amene 16S siingawaone n'komwe. Ndinatulutsa DNA, n'kuitumiza ku labu ina yochita malonda owerenga DNA. Mtengo wawo unali wa kuchuluka kwa zilembo zowerengedwa pa sampulo iliyonse, ndipo ndinalipira ndi mtima woyera.

Mafayilo atabwera, a ndowe anali bwino ndithu. A khoma la matumbo ndiye ayi. Nditawayerekeza ndi DNA ya mbuzi kuti ndichotse za nyamayo, ndinangoona manambala akutsika pa kompyuta, sampulo ndi sampulo, mpaka pa tizidutswa khumi tilitonse pankatsala kamodzi, penanso osakwana n'kamodzi komwe. Ndinabwereza kawiri poganiza kuti ndalakwitsa polemba malangizo. Sindinalakwitse. Ndinali nditalipira kuti andiwerengere mbuzi.

Chifukwa chake n'chosavuta, ndipo n'chimene chimandiwawa kuti palibe anandichenjeza. DNA ya mbuzi ili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni atatu, ndipo selo lililonse lili ndi makope awiri. Ya bakiteriya wotchedwa Escherichia coli (E. coli) ili ndi mamiliyoni 4.6 okha. Selo limodzi la mbuzi likalowa mu chubu, labweretsa DNA yoposa ya mabakiteriya 1,000. Makina a shotgun sasankha, amawerenga chilichonse chimene chawapeza. Mukapala khoma la matumbo, makha a nsomba, khungu kapena mphuno ya nyama, maselo a nyamayo amabwera ambirimbiri.

Nditadandaula, ndi pamene a labu ija anandiuza kuti ali ndi ntchito yochepetsa DNA ya nyama, koma ya malipiro ena amene sanalembedwe pa pepala la mtengo. Choipa kwambiri, njira imene ankagwiritsa ntchito ndi yophulitsa maselo a nyama ndi mankhwala otchedwa saponin n'kusungunula DNA yake mabakiteriya akadali athunthu. Zimenezi zimachitika DNA isanatulutsidwe. Ine ndinali nditatumiza yotulutsa kale, ndipo pa fomu ndinalemba momveka kuti ndi zopala m'matumbo. Munthu mmodzi akanangoiwerenga fomuyo n'kundiimbira. Njira yotsala inali kulipiranso kuti awerenge mozama kangapo, kuti kachigawo kakang'ono ka mabakiteriya kakule. Ndalama imeneyo ndinalibe. Onjezanipo malo osungira mafayilo akuluakuluwo, ndi kompyuta ya mphamvu imene mapulogalamu ozindikira mayina a mabakiteriya monga Kraken2 amafuna akamagwira ntchito ndi nkhokwe yaikulu.

DNA yotsala ndinaitumiza ku 16S ya V4, ndipo funso langa linayankhidwa pa mtengo wochepa kwambiri. PCR imasaka jini ya bakiteriya pakati pa mulu wa DNA ya nyama, n'chifukwa chake ndimaikonda mpaka lero. Ndi mapulogalamu a QIIME 2 ndi DADA2, laputopu wamba imakwanitsa kusanthula zotsatira.

Sindibisa zofooka zake. Nthawi zambiri imathera pa genus (gulu la mitundu yapachibale), siifika pa species (mtundu weniweni). Escherichia ndi Shigella zimatuluka ngati chinthu chimodzi. Mabakiteriya sakhala ndi makope ofanana a jiniyi: ena ali ndi limodzi, E. coli ali ndi 7, ena amafika 15, choncho amene ali ndi makope ambiri amaoneka ngati ochuluka kuposa mmene alili. Ma primer, tizidutswa tatifupi ta DNA timene PCR imasakira jiniyi, nawo amakondera. Mnzanga wa masampulo a m'nyanja yamchere ndinamuuza kuti primer ya 806R yoyamba ya kafukufuku wa Earth Microbiome Project inkaphonya SAR11, gulu limene lili m'gulu la mabakiteriya ochuluka kwambiri m'madzi amenewo, mpaka inakonzedwanso mu 2015. Aonetsetse kuti labu ikugwiritsa ntchito yokonzedwayo. Komanso popeza mitochondria ndi chloroplast, tizigawo ta m'kati mwa maselo a nyama ndi zomera, zinachokera ku mabakiteriya, ma primer ena amazigwira, ndiye m'masampulo a nyama ndi a zomera gawo lina limatayikabe. Koma kwa ine silinatayike ngati mmene zinachitikira ku shotgun.

Nanopore ndimaipatsa ulemu pa chinthu chimodzi chachikulu: MinION imakwana m'dzanja, imalumikizidwa ku laputopu, ndipo zotsatira zimayamba kuoneka tsiku lomwelo popanda kutumiza masampulo kutali. Zilembo zonse 1,500 zimathandiza kufika pa species kawirikawiri. Kale inkalakwitsa zilembo zambiri, koma ma flow cell (tizipangizo tokhala ndi timabowo todutsamo DNA ikamawerengedwa) a R10.4.1 achepetsa vutoli. Kumbukirani kuti flow cell imakalamba ikamangokhala, timabowo take timafa pang'onopang'ono, ndiye musaigule masampulo asanakonzeke. PacBio imawerenga molondola kwambiri, koma makina ake ndi a malabu akuluakulu.

Pali china chimene chimagwira njira zitatu zonsezi. Mankhwala otulutsira DNA amakhala ndi DNA yawoyawo ya mabakiteriya monga Ralstonia ndi Bradyrhizobium. Mu ndowe kapena dothi, mmene mabakiteriya ali ochuluka, siioneka. M'madzi oyera kapena mu sampulo ya mapapo a nyama, ikhoza kukhala ndiyo yambiri. Ikani chubu cha madzi okhaokha kuyambira potulutsa DNA mpaka pomaliza, muchiwerengetse ngati sampulo, ngakhale labu ikulipiritsani.

Ndiye kwa anzanga aja ndanena izi. Wa dothi akufuna kudziwa majini amene mabakiteriya amagwiritsa ntchito posintha nayitirojeni, osati mayina okha. Ameneyo shotgun ndi yake, mulibe nyama yomudyera ndalama, ngakhale dothi limafuna kuwerengedwa mozama chifukwa mitundu ndi yambirimbiri. Wa madzi ayambe ndi 16S, ndipo ngati akufuna mayankho akadali kumalo otolera masampulo, MinION imuthandiza. Wa nyama uja, amene ali ndi makha a nsomba, ndamuletsa shotgun mpaka atayesa kaye masampulo awiri kapena atatu, aone kuti nsomba yatenga gawo lalikulu bwanji, ndipo alembetse pa pepala la mtengo ngati kuchepetsa DNA ya nyama kulipo, ndalama zake, komanso ngati labuyo ikufuna sampulo yosatulutsa DNA. Masampulo otsalawo asawagwire, akhale mufiriji ya -80°C mpaka yankho litabwera.