Evaporator ya galimoto yakale yogonamo: kuisiya, kuichotseratu kapena kuikamo ina

Galimoto zogonamo zimene timaziona kuno ku Kasungu kawirikawiri zimakhala Toyota HiAce, Coaster kapena Mitsubishi Rosa zakale zimene eni ake anachotsamo mipando n'kuikamo bedi ndi makabati. Eyakoni ya galimoto yotere ikasiya kuziziritsa, amakaniko n'kutsimikiza kuti gasi akuthawira pa evaporator, mwini galimoto amakhala ndi njira zitatu, ndipo njirazi sizilingana pa mtengo, pa ntchito ngakhalenso pa zotsatira zake.

Evaporator ndi chipangizo cha aluminiyamu chooneka ngati radiyeta yaing'ono, chimene chimakhala m'bokosi lapulasitiki kuseri kwa dashibodi, pakati pa fani ndi hita. Gasi wa eyakoni amalowamo ali wamadzimadzi kudzera pa expansion valve, kavalavu kochepetsa mphamvu ya gasiyo, amawira m'timapaipi take, ndipo powirapo amayamwa kutentha kwa mpweya umene fani ikukankha. Chinyezi cha mu mpweyawo chimasanduka madontho, monga limachitira thukuta botolo la chakumwa chozizira, ndipo madziwo amatuluka pansi pa galimoto kudzera m'kapaipi kamphira. Kapaipi kameneka kakatsekeka ndi fumbi, matope onyowa amakhazikika pansi pa evaporator mpaka kudya aluminiyamuyo. Galimoto zazitali zimakhalanso ndi evaporator ina kumbuyo kapena kudenga, ndipo imeneyo nkhani yake ndi yosiyana, monga tionere.

Musanasankhe njira iliyonse, dziwani mtundu wa gasi amene ali m'mapaipi. Galimoto zopangidwa chisanafike chaka cha 1994 zambiri zinatuluka ndi R-12, gasi wowononga ozone (mpweya wa mumlengalenga wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa) amene mgwirizano wa Montreal wa 1987 unalamula kuti athe, ndipo mayiko ongotukuka kumene ngati Malawi anapatsidwa malire a chaka cha 2010. Zapambuyo pake zili ndi R-134a. Pothirira gasi pamakuuzani: pa R-12 pamakhala mazinga omangirapo paipi ngati pa valavu ya tayala, pamene pa R-134a paipi imangokanikizidwa n'kugwira. Gasi wotsalayo achotsedwe ndi makina ake, osati kumasula nati kuti auluke, chifukwa R-12 amawira pa madigiri pafupifupi 30 pansi pa ziro, kotero amawotcha zala ndi maso, ndipo akakumana ndi moto wa owotcherera amatulutsa utsi wapoizoni.

Njira yosafuna ndalama ndiyo kuisiya evaporator m'malo mwake. Mumazula waya wa kompuresa, pampu yoyendetsa gasi m'mapaipi, kuti isamayambe, ndipo ngati kompuresayo ili ndi lamba wakewake, monga zimakhalira pa injini zambiri zakale, mumachotsanso lambayo. Mapaipi musawadule kapena kuwamasula. Njirayi ndi ya munthu amene akudikira kuti fodya agulitsidwe kaye kuti adzakonzetse, ndipo kwa miyezi yochepa ilibe vuto. Ikapitirira chaka, chinyezi cholowera pa bowo lothawira gasi lija chimayamba kuwononga mkati mwa mapaipi, mphira za kompuresa zimauma, ndipo fungo la nkhungu kapena la chisa cha makoswe limakhalabe likutuluka nthawi iliyonse mwayatsa fani.

Kuichotseratu ndiye njira imene anthu ambiri amathamangira, ndipo ndi imene imafuna kuilingalira mofatsa. Ntchito imayamba ndi kumasula waya wa negativu pa batire, kenako mapaipi awiri, waukulu ndi waung'ono, pamene akulowera m'kabini. Apa gwiritsani ntchito masipanala awiri, ina yogwira ina yopotokola, popeza nati imene yakhala zaka makumi atatu pa aluminiyamu imamatirira, ndipo mukakoka ndi sipanala imodzi paipi yonse imapotoka n'kung'ambika. Ndi bwino kuthirapo mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo n'kudzamasula m'mawa. Pa Toyota zambiri zakale, fani, evaporator ndi hita zili m'mabokosi atatu osiyana, kotero mukachotsa kabati kakang'ono ka kutsogolo kwa wokwera, n'kuzula timawaya ta sensa, bokosi lapakati limatuluka lokha. Pa galimoto zimene evaporator ndi hita zili m'bokosi limodzi, pamafunika kukhetsa madzi a radiyeta ndi kutsitsa dashibodi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu imene imasiya timapulasitiki tothyoka ndi phokoso losatha pa msewu wa mabampu.

Chimene chimaiwalika n'chakuti bokosi lopanda kanthulo liyenera kubwerera m'malo mwake, chifukwa ndilo njira ya mpweya wochokera ku fani kupita ku hita ndi ku galasi lakutsogolo. Mabowo amene munadutsa mapaipi ayenera kutsekedwa ndi zotsekera zamphira zokwana bwino. Pa HiAce ndi Coaster injini ili pansi pa kabini, ndiye bowo losatseka limalowetsa fumbi la misewu yathu, kutentha kwa injini, ndiponso utsi, chinthu chosayenera kuchitengera mwachibwana m'galimoto imene anthu amagonamo. Phindu la kuchotsa lilipo ndithu: fungo limatha, fani imawomba mwamphamvu, ndipo mukachotsanso condenser, chipangizo chotayira kutentha kwa gasi chimene chili kutsogolo kwa radiyeta, injini imapuma bwino pa kutentha kwa mu Okutobala. Koma mumataya chinthu chimene ambiri sachiwerengera, ndicho kuumitsa mpweya. Mvula ya mu Januwale ikakupezani pa M1 muli anthu anayi m'kabini, galasi limachita nthunzi, ndipo hita payokha imachedwa kuichotsa poyerekeza ndi eyakoni. Pa chifukwa chimenechi, ine sindiona nzeru pochotseratu evaporator yakutsogolo, pokhapokha kompuresa ndi condenser nazonso zitafa.

Yakumbuyo kapena yakudenga ndiyo yoyenera kuchotsa popanda kudandaula. Mapaipi ake ndi aatali, amadutsa pansi pa galimoto pomwe miyala ndi matope zimawamenya, ali ndi molumikizira mwambiri mothawira gasi, ndipo kapaipi kake ka madzi kakatsekeka, madziwo amadonthera pa bedi. Ikachoka pamatsala malo a kabati. Ngati yakutsogolo ikugwirabe ntchito, mapaipi opita kumbuyo atsekedwe pafupi ndi pamene apatukira, kuti oyilo wa kompuresa, amene amayenda limodzi ndi gasi, asamakaunjikane m'paipi yopanda kotulukira n'kusiya kompuresa youma. Zotsekera zake zikhale zachitsulo zokhala ndi mphira, osati msomali kapena mphira ya chubu, chifukwa mphamvu ya gasi kumbali yotentha imatha kupitirira 15 bar. Gasi wothira amachepanso, popeza muyeso wolembedwa pa galimoto unali wa ma evaporator awiri.

Njira yachitatu, kuikamo ina, ndi yodula koma ndi yokhayo imene imabwezeretsa kuzizira. Kuwotcherera yakaleyo sindikulimbikitsa, chifukwa aluminiyamu yodyeka siboola pamalo amodzi, ndipo mukatseka apa mawa patseguka pena. Yochotsa m'galimoto yophwasula ndi yotchipa, koma iyesedwe kaye: aipope ndi nayitirojeni, aimize m'madzi, muone nokha ngati sipakutuluka thovu. Yatsopano ya mtundu wa galimoto yanu ikasowa, pali ma evaporator okwana galimoto iliyonse omangirira pansi pa dashibodi, amene amabwera ndi fani yawoyawo ndipo amakupulumutsani ku ntchito yotsitsa dashibodi, ngakhale amalanda malo a mawondo a wokwera. Pogula onetsetsani magetsi ake, pakuti HiAce ndi ya 12 V pamene Coaster ndi Rosa zambiri za dizilo ndi za 24 V.

Iliyonse imene mwasankha, sinthaninso receiver-drier (kabotolo kosefa gasi ndi kuyamwa chinyezi), expansion valve ndi timphira tonse ta molumikizira, ndipo makina okoka mpweya agwire ntchito kosachepera theka la ola gasi asanathiridwe. Ngati mukuchoka ku R-12 kupita ku R-134a, oyilo wakale atsukidwe chifukwa sasakanikirana ndi gasi watsopanoyo, muthire wa PAG kapena wa ester, ndipo gasiyo akhale pakati pa 80 ndi 90 peresenti ya muyeso wa R-12. Wina akakuuzani kuti athiramo R-600a wa m'mafiriji kapena gasi wophikira chifukwa ndi wotchipa, kanani, popeza gasi ameneyu amayaka ndipo evaporator ili m'kabini, pafupi ndi mawaya.

Musanatulutse ndalama zonsezi, funsani kuti galimotoyo imathera nthawi yake kuti. Eyakoni ya injini imaziziritsa injiniyo ikamalira basi, ndiye usiku mutaimika ku Lifupa, m'paki ya Kasungu, ilibe ntchito. Kasungu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo kupatula Okutobala ndi Novembala, usiku wake suvuta kugona. Amene galimoto yake imayenda maulendo aatali masana, kupita ku Mzuzu kapena kudutsa ku Mchinji kulowa mu Zambia, akonzetse evaporator yakutsogolo. Amene yake imakhalitsa itaima pamalo amodzi apindula kwambiri akagula fani yakudenga yoyendera batire ndi maneti otchinga udzudzu a m'mawindo.