Mapepala a msilikali amene anapuma utsi wapoizoni mu 1917

Abale kumudziko, paja ndinakuuzani kuti kuno ku England ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Agogo ena achizungu amene ndimawasamalira anandipempha kuti ndiwathandize kufufuza za bambo awo, amene anamenya nawo Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Chimene iwo akukumbukira n'chifuwa basi. Akuti nyengo yozizira ikafika bambowo ankagona chokhala pampando, akubanika usiku wonse, ndipo mayi awo ankangoti ndi gasi wa kunkhondo.

Tinayambira pa mendulo ziwiri zimene amasunga m'kachitini ka masikono. M'mphepete mwa mendulo za nkhondo imeneyi analembamo dzina, nambala ndi gulu la msilikali, timalemba tating'ono toti agogowo sangathenso kutiona. Popanda nambalayo mutha kutuwa nako kusaka, chifukwa anthu a dzina limodzi analipo mazanamazana.

Mafayilo a asilikali amasungidwa ku National Archives, ku Kew mumzinda wa London, ndipo ambiri amaoneka pa intaneti. Fayilo ya bamboyu sitinaipeze. Mu September 1940 bomba la Ajeremani linagwera nyumba yosungiramo mapepalawa ku Arnside Street, ndipo pa mafayilo pafupifupi 6.5 miliyoni, oposa theka anapsa. Otsalawo, amene amatchedwa WO 363, ndinaonako ena: m'mbali mwakuda ndi moto, inki itasungunuka ndi madzi ozimitsira.

Chinatithandiza ndi kaundula wa Silver War Badge, baji imene kuyambira mu 1916 ankapatsa asilikali otulutsidwa usilikali chifukwa chovulala kapena kudwala. Mmenemo munali tsiku lolowa ndi lotuluka, koma za gasi ayi. Kenaka tinatsegula buku la tsiku ndi tsiku la batalioni yake, m'gulu la WO 95. Pamenepa m'pamene mtima unandiwawa. Ofisala akavulala ankalembedwa dzina, pomwe asilikali wamba ankangowerengedwa, zilembo ziwiri O.R. (kutanthauza "other ranks", asilikali osakhala ofisala) ndi chiwerengero, kwatha. Tinapeza kuti batalioniyo inali kufupi ndi Ypres ku Belgium chakumapeto kwa July 1917, ndipo usiku wina inaponyeredwa mabomba a gasi.

Mweziwo ukugwirizana ndi mbiri. Ajeremani anayamba ndi gasi wa chlorine pa 22 April 1915 ku Ypres komweko, ndipo mu July 1917 anabweretsa gasi wa mustard. Ameneyu ndiye wachinyengo. Munthu samva kanthu nthawi yomweyo, koma pakapita maola maso amatupa n'kutsekeka, matuza amabuka m'khwapa ndi m'mphechepeche, kukhosi kumapsa. Gasiyu amakhalitsanso m'dothi masiku angapo. Ambiri sankafa pomwepo, ankabwerera kwawo ndi mapapo owonongeka. Musaganize kuti Angerezi anali oyera m'manja: nawonso anatulutsa chlorine ku Loos pa 25 September 1915, mphepo n'kubwezera wina kwa anthu awo omwe.

Agogowo anandifunsa ngati kwathunso kunali asilikali. Ndinawauza za chipilala cha King's African Rifles ku Zomba, ndi za amtengatenga amene ankasenza katundu wankhondo mpaka ku Tanganyika. Mzungu wathuyu fayilo yake inapsa, komabe ali ndi nambala ndi mendulo. Lipoti la 2021 la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ofera kunkhondo, linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondoyi, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo mwina anafika 350,000.

Bungwe lomwelo limawerenga omwalira pa nkhondoyi kulekezera pa 31 August 1921. Bambo a agogowa anatsokomola mpaka m'ma 1930, choncho m'kaundula wa ofera kunkhondo mulibe dzina lawo. Taitanitsa satifiketi ya imfa ku General Register Office kuti tione chimene dokotala analemba, komanso tikusaka khadi lawo la penshoni pakati pa makhadi amene bungwe la Western Front Association linapulumutsa.