Njira ya Chilembwe ndi njira ya Levi Mumba

Mu Nyasaland anthu anadana ndi ulamuliro wa atsamunda m'njira ziwiri zosiyana kwambiri.

John Chilembwe, mbusa wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ankaona thangata ndi maso ake. Anthu ankalima thonje m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero ngati lendi ya malo okhalapo, kwinaku msonkho wa nyumba ukuwadikira. Nkhondo ya 1914 itayamba, anyamata akumatengedwa kukafera za eni, mtima wake unasweka. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, napha William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa chakufupi ndi Mulanje. Tchalitchi chake cha njerwa anachiphwasula, otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Kuukirako kunatha m'masabata awiri osakwana.

Kumpoto, Levi Mumba ndi anzake ophunzira ku Livingstonia anayambitsa North Nyasa Native Association mu 1912. Chida chawo chinali cholembera: misonkhano, madandaulo okhudza sukulu ndi msonkho, makalata opita ku Zomba. Kunena zoona, njirayi inali yotopetsa, ndipo boma linkangoyankha mozemba. Komabe mabungwe oterewa ndiwo anabala Nyasaland African Congress mu 1944, Mumba nakhala pulezidenti wake woyamba.

Ine mtima wanga umatsamira kwa Chilembwe, ngakhale ndikudziwa kuti thangata silinathe naye. Nkhope yake ili pa K500 ndi K2000. James Sangala, mnzake wa Mumba poyambitsa Congress, anamuika pa K100.