Scrum kapena Kanban, timu yanu iyambe ndi iti?

Masiku ano kampani iliyonse ikufuna kumveka kuti ndi ya agile (kagwiridwe ka ntchito kopanga zinthu m'zidutswa zing'onozing'ono n'kumasintha msanga malinga ndi zofuna za kasitomala), mabanki, makampani a foni, ma NGO omwe, koma mukafunsa kuti agile yake iti mupeza kuti ambiri angolipira Jira, pulogalamu yolondolera ntchito, n'kuyamba kamiting'i koimirira m'mawa uliwonse basi. Nde tiyeni tione njira ziwiri za agile zomwe anthu amalimbana nazo kwambiri, Scrum ndi Kanban.

Scrum ndi ya Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, anaionetsa poyera mu 1995, chikalata cha mfundo za agile, Agile Manifesto ya 2001, chisanalembedwe n'komwe. Ntchito mumaidula m'zigawo za nthawi zotchedwa ma sprint, zosapitirira mwezi umodzi, ambiri amakonda masabata awiri. Timu ndi ya anthu 10 kapena ochepera, muli Product Owner wosankha kuti choyamba kugwira n'chiti, Scrum Master woonetsetsa kuti zopinga zikuchotsedwa, ndi ogwira ntchitoyo. Tsiku lililonse kamiting'i ka mphindi 15, sprint ikatha muonetse zomwe mwapanga, kenako mukhale pansi nokhanokha kuuzana pomwe zinavuta. Ubwino wake kasitomala sadikira chaka kuti aone kanthu, ndipo ngati mwaphonya zomwe amafuna mwataya masabata awiri okha.

Koma Scrum ili ndi mtengo wake ndipo amene amalipira ndi bwana. Sprint ikayamba cholinga chake sichisinthidwa chisawawa, nde ngati abwana anu ndi aja olowa mu ofesi Lachitatu masana n'kunena kuti siyani zonse ndikufuna lipoti ili mawa, sprint iliyonse idzatha ntchito ili theka, ndipo kamiting'i ka m'mawa kaja kadzasanduka bwalo la milandu, aliyense kudziteteza pamaso pa manijala mpaka mphindi 40 anthu ali chiimire miyendo kuwawa. Komanso Product Owner wopanda mphamvu yokana, amene chilichonse amati ndikafunse kaye kumwamba, ameneyo ndi mesenjala chabe.

Kanban inachokera kufakitale ya Toyota ku Japan, nthawi ya Taiichi Ohno, ndipo David Anderson ndi amene anaibweretsa ku ntchito ya mapulogalamu, anayambira ku Microsoft mu 2004. Ilibe sprint, ilibe maudindo atsopano, mumayamba ndi momwe mukugwirira kale. Bolodi, mizere itatu mwina, zodikira, zikugwiridwa, zatha, ntchito iliyonse ndi khadi lake. Mtima wake ndi WIP limit, kugwirizana kuti mumzere wapakatiwo musapitirire, tinene, makadi atatu. Abwana akabwera ndi chachangu chawo simukangana nawo, mungowatengera pabolodi n'kufunsa kuti bwana, pa atatuwa lichoke liti? Ine apa ndi pomwe ndimaikondera Kanban, imaonetsa wina aliyense kuti ntchito yatsopano ikalowa pali ina imene yaima.

Vuto ndi loti ndi yosavuta kunamizira. Anthu amatsegula Trello, pulogalamu ya bolodi lotere, makadi okongola amitundumitundu, limit osaika, pakatha mwezi mzere wa zikugwiridwa wadzaza thoo ndipo khadi lina lamera mizu pomwepo. Palibenso tsiku lokukakamizani kuonetsa kanthu kapena kukhala pansi ngati ku Scrum, mukapanda kudziikira nokha sizichitika.

Kwa ine kusankha kwake ndi kuona momwe ntchito imakufikirani. A IT support, a zolipira, timu yokonza sistemu ikagwa, ntchito yawo imabwera yosagogoda, amenewa atenge Kanban. Amene akumanga chinthu chatsopano ngati app, ndipo mabwana avomera kuwasiya masabata awiri osawasokoneza, Scrum iwathandiza. Ngati abwana sanavomere musadzivute ndi Scrum ngakhale mutakhala ndi masatifiketi angati.

Makampani akuluakulu nawo ali ndi zawo. Mu 2012 Henrik Kniberg ndi Anders Ivarsson analemba momwe kampani ya nyimbo ya Spotify imagwirira ntchito, m'magulu a antchito otchedwa ma squad, ma tribe, ma chapter, ma guild, ndipo dziko lonse linakopera mayinawo ngakhale eni ake ankangofotokoza momwe zinalili panthawiyo. Banki ya ING ku Netherlands ndi imene inachita zenizeni mu 2015, kulikulu kwake anthu pafupifupi 3,500 anagawidwa m'ma squad a anthu osapitirira 9 ndipo ambiri anafunsiranso ntchito ngati achilendo, mabwana omwe. Palinso SAFe, njira ya agile ya makampani akuluakulu, ya Dean Leffingwell ya 2011, imasonkhanitsa anthu 50 mpaka 125 kupanga pulani limodzi pakatha masabata 8 mpaka 12, mabwana amaikonda chifukwa imawasiyira mipando yawo, ma developer ambiri amadandaula kuti mamiting'i ndi ochuluka. Kampani ya anthu 30 zimenezi isazisilire, ikhoza kumaliza chaka ikusintha mayina a maudindo pulogalamu ija isanatuluke.