Kafe ya kuseri kwa depoti inandimasulira dzina la mkamwini wanga

Mwana wanga wachiwiri anakwatiwa ku Quebec, chigawo cha dziko la Canada komwe amalankhula Chifalansa. Mdzukulu atabadwa, ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala lakale la kuchimuna kuti ndione komwe mwanayo akuchokera. Ndinaliyang'ana masiku atatu. Mkamwini wanga ndi Beaulieu, koma agogo a agogo ake analembedwa Hudon. Mumtima ndinati apa pali nkhani yomwe akundibisira.

Mnzanga wa kwaya ku St Peter's ndiye anandilozera kafe ina ya intaneti kuseri kwa depoti ya ku Mzuzu, komwe kuli mnyamata wodziwa Chifalansa. Malowo sindingawayamikire. Mipando ndi ya pulasitiki, pakhomo pali phokoso la oitanira minibasi za ku Ekwendeni, ndipo magetsi atathima tinakhala mphindi 40 tikungoyang'anana chifukwa jenereta alibe. Koma mnyamatayo ntchito amaidziwa.

Atangoona pepala lija anaseka. "Amayi, palibe chobisika apa. Mwaona kamawu aka?" Pakati pa maina awiriwo panali kamawu koti dit, kutanthauza "wotchedwa". Hudon dit Beaulieu ndi banja limodzi. Anatsegula PRDH, nkhokwe ya pa intaneti ya mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro yomwe inayambira ku Université de Montréal, nandionetsa Pierre Hudon dit Beaulieu amene anakwatira Marie Gobeil mu 1676 nakakhazikika ku Rivière-Ouelle. Zidzukulu zake zina zinasunga Hudon, zina zinatenga Beaulieu. Maina otere ambiri anabwera ndi asilikali, monga a gulu la Carignan-Salières omwe anafika mu 1665, aliyense ndi dzina lake la kunkhondo: Lafleur, Jolicoeur, Sansregret. Ine ndinaganiza za amalume anga omwe anabwerera ku Joni ndi dzina lopatsidwa ku mgodi, mpaka ana awo akulembetsa nalo kusukulu.

Chomwe chinatidyera nthawi ndi a Joseph. Pabanja limodzi tinapeza anyamata anayi, onse Joseph, atsikana onse Marie. Ndinayamba kukayikira kuti kompyuta ikubwereza. Iye modekha anandiuza kuti unali mwambo wa paubatizo: dzina loyamba Joseph kapena Marie, lotsatira kawirikawiri la kholo laubatizo, lomaliza ndilo loitanira pakhomo. Ukangosaka loyambalo, utenga munthu wolakwika. Pamenepa ndipomwe ndinaona kuti ndalama yanga sikupita pachabe, chifukwa wina akanangosindikiza Joseph woyamba kumupeza n'kundipatsa.

Chomwe chinandikomera kwambiri ndi cha azimayi. Ansembe ankalemba mkazi ndi dzina la kwawo kuyambira paubatizo mpaka pamaliro, monga ife timanenera kuti naPhiri, kapena anansi anga Achitumbuka akamati nyaGondwe. Kuyambira 1981 ndi lamulo ndithu ku Quebec kuti mkazi akakwatiwa amasunga dzina lake. Ndiye n'chifukwa chake mwana wanga sanasinthe lake, pomwe ine ndinkayesa ndi mwano wa ana amakono.

Ndinapitako kawiri, ndipo zonse pamodzi ndinalipira K9,000, kuphatikiza kusindikiza masamba asanu. Inki inali yotuwa, moti zaka zina ndachita kudutsamo ndi bolopeni. Mukapita, pitani m'mawa ana a sukulu asanadzaze, ndipo tengani dzina la parishi ndi chaka chimodzi chomwe mukuchidziwa bwino, apo ayi mulipira maola ongofufuza.

Ndikutuluka ndinamufunsa ngati angandipezerenso makolo a Ambuye Jean-Louis Jobidon, episkopi woyamba wa Mzuzu, amene analimbitsa mayi anga. Anati kwawo kunali ku Château-Richer, m'mbali mwa mtsinje wa Saint-Laurent, ndipo ndibwere Loweruka, magetsi akakhalapo.